Mphika wa Mchenga Wopita ku Male

Pa chilumba cha Velirashi madzi akaphwa, thanthwe la kum'mawa limatulukira lonse, ndipo akazi amatsikirako ndi madengu kukafuna boava, kanyama kofewa ka mikono isanu ndi itatu kamene kamabisala kunsi kwa miyala. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Wina amatukula mwala ndi manja onse n'kuugwirizira, mnzake amapisa dzanja msangamsanga, chifukwa boava sadikira munthu. Mukatha, mwala uja mumaubwezera mmene munaupezera, mimba pansi. Kunsi kwa mwala kumakhala mazira, tinkhono, tinyongolotsi ndi zina zosaoneka bwino, ndipo zimenezi zikapsa ndi dzuwa malo onsewo amasanduka dazi. Lamuloli palibe analilemba, koma mwana wa pachilumbapo amalidziwa asanayambe sukulu.

Kaida ndi mkulu wake Sanfa anagwira ntchito imeneyi limodzi zaka makumi anayi ndi zitatu. Sanfa anali wa maso ndi dzanja, Kaida anali wa msana. Amuna awo anabwera, anakhala nawo, anamwalira, koma awiriwa madzi akaphwa ankapezeka pathanthwe, wina patsogolo wina pambuyo, akukangana. Asodzi ankawatcha nsomba zogubuduza miyala. Kuseri kwa thanthwe kuli nsomba zoterozo, za mutu wotuwa ndi mizere yozungulira diso, zimene zimayenda ziwiriziwiri. Ina imaluma mwala n'kuugubuduza, inzake imatola kankhanu kamene katulukapo, kenaka zimasinthana.

"Koma zija zimasinthana, Datha," ankadandaula Kaida, pomutcha mkulu wake monga amatchulirana kumeneko. "Ine zaka zonsezi msana ndi wangawu basi."

"Ndi maso akowo, Koko?" ankayankha Sanfa, poti mng'ono kumeneko amatchedwa choncho. "Boava atakukhala pamphuno ungamati ndi chimfine. Tukula mwala."

Chaka chatha, nyengo ya mphepo ya kumadzulo, Sanfa anagwa pathanthwe. Sanaterereke ayi. Mwendo wakumanzere unangokana, pakamwa n'kupotoka pang'ono. Anakhala m'madzi kanthawi mpaka mphamvu zinabwerera, ndipo atadzuka anamugwira Kaida pamkono mwamphamvu.

"Usamuuze Nizaru. Ukamuuza andinyamula, ndipo kuno sindidzabwerako. Lumbira."

Kaida analumbira. Patapita masiku anayi zinachitikanso, ulendo uno kukhitchini, mafuta akuwira pamoto. Tsiku lomwelo Kaida anapita kuseri kwa mzikiti, komwe foni imagwira bwino, n'kumuimbira Nizaru, mwana mmodzi yekhayo wa Sanfa, amene amagwira ntchito kumzinda waukulu wa Male. Nizaru anabwera Lolemba. Lachinayi anyamata anayi anamunyamula Sanfa pampando kupita naye kudooko. Sanfa anatsanzika aliyense, ngakhale mkazi amene anakangana naye zaka khumi chifukwa cha mtengo wa kokonati wa m'malire. Atafika pomwe panaima Kaida, anayang'ana kunyanja ngati pali boti lina likubwera.

Kuchokera tsiku limenelo inapita miyezi isanu ndi itatu, ndipo Kaida sanamvepo mawu a mkulu wake.

Ankaimba foni Lachisanu lililonse anthu akatuluka ku mzikiti. Ankayankha ndi Nizaru.

"Mayi aang'ono, akuti agona."

"Agona masana ano? Akuti agona ndiye wanena ndani kuti agona?"

"Ndi iwo omwe." Nizaru ankapuma mozama. "Musandipanikize, mayi aang'ono. Amalankhula ndi ine, amalankhula ndi mkazi wanga Shiuna, dokotala amamukalipira mpaka amatuluka thukuta. Koma ndikangotchula dzina lanu amatembenukira kukhoma."

Kaida anatumiza nsomba zouma, anatumiza kokonati za mtengo wa m'malire uja, anatumiza botolo la msuzi wakuda wa nsomba umene anauwiritsa yekha masiku awiri. Shiuna anamuuza mwaulemu kuti zonse zinafika, ndipo zinakoma, koma amayi sanalaweko.

M'nyumba ya ku Velirashi zinthu zinali ziwiriziwiri, makapu, mphasa zoswalira, zipewa za mlaza. Kaida m'mawa ankapezeka wathira tiyi m'makapu onse awiri. Pathanthwe anayesako kuyenda ndi akazi ena, koma wina ankachedwa kupisa dzanja, wina ankalongolola za ana ake a kunja mpaka madzi kubwerera. Choipa kwambiri n'choti onsewo anali aulemu. Palibe anamunenapo kuti ali ndi maso a nkhuku. Analeka za boava, n'kumangotola nkhono m'mphepete ngati mwana.

Tsono panali masewera ena amene awiriwa ankachita kuyambira ali atsikana. M'tizithaphwi ta pathanthwe, pomwe pali mchenga ndi zidutswa za miyala, mumakhala kansomba kotalika ngati chala chamkombaphala, kamene iwo ankakatcha katsamba. Ndi mwana wa nsomba zogubuduza miyala zija, koma simungakhulupirire. Kamakhala kobiriwira modera, ka mawanga oyera, zipsepse zake zong'ambikang'ambika ngati sanza, ndipo pamutu kali ndi tinyanga tiwiri titalitali. Sikasambira monga isambira nsomba. Kamadzileka, mutu pansi, funde likapita uko nako kapita, likabwerera nako kabwerera, kugudubuka chammbali ngati kachidutswa ka ndere kothothoka. Nsomba zazikulu zimakadutsa osakayang'ana. Kakazindikira kuti mwakaona, kamalowa mumchenga ndi mutu, kamodzi n'kamodzi, ndipo pamalopo sipatsala ngakhale kadzenje. Kamagonanso mumchenga momwemo mpaka kutacha. Kakakula tinyanga tija timatha, sanza zija zimatha, n'kusanduka nsomba yamphamvu yosabisalanso.

Masewera ake anali akuti amene wayamba kukaona azinena kuti "Ndakaona!" ndipo winayo asenze dengu mpaka kunyumba. Pa zaka zonse zija Kaida anapambana kanayi, ndipo kawiri mwa kanayiko Sanfa anakana, akuti inali ndere yeniyeni.

Lamulungu lina, mwezi uli wathunthu, madzi ataphwa kwambiri, Kaida anawerama kuti atole nkhono pafupi ndi mwala wina wafulati, ndipo kachinyalala kena kanamudutsa pakati pa miyendo. Kanapita ndi funde, kanabwerera ndi funde. Ulendo wachitatu kanatembenuza diso.

"Ndakaona!" anafuula Kaida, n'kucheuka.

Kumbuyo kunali kakowa yekha ataima ndi mwendo umodzi. Kaida anakhala pansi m'madzi momwemo ndi zovala zake, ndipo anakhalitsa. Podzuka anali atatsimikiza mtima. Nsomba zouma munthu akhoza kuzikankhira kumbali, foni akhoza kuikana. Koma Sanfa amene iye ankamudziwa sakanatha kuona katsamba n'kukhala chete.

Lolemba anapita ndi chidutswa cha neti ya udzudzu chomanga ku waya. Kansomba kanalipo, pamalo pomwe paja, poti sikapita kutali ndi kwawo. Ankati akabweretsa neti kumanja, funde n'kukatengera kumanzere. Akati atchinge kumanzere, n'kupeza wakola ndere yeniyeni. Anabwerera kunyumba khosi likuwawa.

Lachiwiri anakapanikizira kumwala wafulati uja. Kanangoti zii, kulowa mumchenga wa kunsi kwa mlomo wa mwalawo. Kaida anaponya neti, anagwira mwala ndi manja onse, anautukula mpaka m'mawondo monga ankachitira masiku onse, n'kunena mosaganiza kuti, "Pisani, Datha!" Anaima choncho, mwala uli m'manja, akuyang'ana mchenga woyera umene munali kansomba, pafupi kwambiri moti akanaukhudza ndi chala cha kuphazi. Dzanja lachitatu analibe. Mikono itayamba kunjenjemera anautsitsa mwala pang'onopang'ono, mimba pansi.

Lachitatu linali tsiku lomaliza la madzi ophwa kwambiri, ndipo boti la ku Male limanyamuka Lachinayi m'mawa. Kaida anatenga mphika wachitsulo waukulu wa Sanfa, wowiritsira nsomba, anautsuka ndi mchenga katatu kuti fungo lichoke, n'kupita nawo. Anadikira nthawi yaitali, dzuwa likumuwotcha m'khosi, mpaka kachinyalala kaja kanatulukira. Anaomba madzi ndi chikhatho. Kanalowa pomwe paja. Apo Kaida sanautukule mwala kuti augwirizire ayi. Anaukankha ndi phewa, naugubuduza wonse, mwalawo n'kugwa chagada uko. Anamiza mphika mozama ndi manja awiri, natapa mchenga wonse wa pamalopo pamodzi ndi madzi ake.

Mphika unalemera koopsa. Anavutika kuukweza pamutu, ndipo ataukweza anaona kuti madzi ayamba kubwerera, afika kale m'mawondo, ndipo njira ya kumtunda inali yaitali. Anauyang'ana mwala uja. Mimba yake inali yofiirira, ya mawanga achikasu, tinthu tikuyendayenda pamenepo kufuna kobisala. Kuti aubwezere anafunika kutula mphika, koma poti autule panalibe, ponse panali madzi. Anatembenuka n'kumapita, osacheukanso. Kunyumba anauika mphika pamthunzi, n'kudzaza zigubu ziwiri ndi madzi a pathanthwe.

M'mawa kudooko, Adanu woyendetsa boti anasuzumira mumphika n'kuitana anzake.

"Tabwerani mudzaone, abale! Ku Male mchenga watha, Kaida akukawapulumutsa. Simenti mwaiwala kunyumba, mayi?"

"Muli nsomba umu."

"Nsomba?" Adanu anayang'anitsitsa. "Ndiye mwaiphika mpaka yasungunuka."

"Iwe Adanu, ndinakusambitsapo uli ndi chipere m'mutu monse. Yendetsa boti, za mumphika si zako."

"Chabwino, koma nsombayo ilipire mpando. Marufiya makumi asanu, poti ndi yosaoneka."

Anthu anaseka, Kaida nayenso anaseka pang'ono, koma mphika anakana kuti upite kunsi ndi katundu. Anaukhazika pamiyendo, naufunditsa nsalu yonyowa. Ulendo wa ku Male ndi wa maola asanu ndi awiri nyanja ikakhala yabwino. Ola lililonse ankatunga madzi akale ndi kapu n'kuthiramo atsopano a m'chigubu, mosamala, motsatira m'mbali mwa mphika kuti mchenga usavunduke. Miyendo inachita dzanzi asanafike n'pakati pomwe.

Mphunzitsi wina amene anakhala naye pafupi anapirira maola atatu, kenaka anafunsa. Kaida anamufotokozera.

"Koma munakaona kakulowa mumphikamo?"

"Ndinakaona kakulowa mumchenga. Mchengawo ndi uwu."

"Nanga ngati kanathawira pansi pomwe musanatape? Tangopisani chala timve."

"Kakachita mantha kamakhalitsa osatuluka. Ndiponso chala changachi chikhoza kukathyola."

"Ndiye kuti mwina mwanyamula mchenga wokhawokha."

"Mwina," anatero Kaida, n'kuyang'ana kunyanja. Funso limenelo linali litamudya kuyambira dzulo lake. Pamwamba pa mchenga panali posalala ngati ufa wosefa, ndipo sipanagwedezeke ngakhale kamodzi.

Nizaru anamuchingamira ndi njinga yamoto, atavala malaya oyera a ku ofesi. Ataona mphika anagwira m'chiuno.

"Mayi aang'ono, mwabwera ndi chiyaninso? Ndinakuuzani kuti zakudya sakulandira."

"Si chakudya. Nyamula zigubuzo, njingayo isiye, ingandikhutulire madzi."

Anayenda wapansi m'tinjira topanikizana, Kaida mphika uli pamutu, njinga zamoto zikumulizira mabelu, Nizaru pambuyo zigubu zikumunyowetsa thalauza. Nyumba yake inali pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri. M'chikepe Kaida anatseka maso n'kukumbatira mphika.

Sanfa anali m'kachipinda kakang'ono koyera bwino, pabedi lachitsulo. Anali atachepa. Mikono ija imene inkakoka boava wamkulu ngati ikuzula chinangwa inali itatsala mafupa, ndipo khungu linali litayera chifukwa chosaona dzuwa. Zenera linayang'anizana ndi khoma la nyumba ina, koma pamwamba pake pankaoneka kachigawo ka thambo kotambalala ngati chikhatho. Nyanja sinkaoneka, ngakhale kumveka.

"Mtendere ukhale nanu, Datha," anatero Kaida ali pakhomo.

Sanfa anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, anayang'ana mphika wake, kenaka anadzikoka ndi dzanja lake lamoyo n'kutembenukira kukhoma.

Kaida anaika mphika pampando pafupi ndi bedi, pomwe kuwala kwa pazenera kunkagwera, n'kuvundukula nsalu. Analankhula moyang'ana kwa Shiuna, koma mokweza.

"Muli katsamba umu. Ka pamwala wafulati uja, kupitirira pomwe tinapeza nangula wakale."

Sanfa anakhalabe choyang'ana kukhoma.

Shiuna anali mkazi wabwino mtima, wobadwira mumzinda momwemo. Anasuzumira mumphika, anayang'ana mwamuna wake, n'kupita kukhitchini. Anabwerako ndi chipande.

"Mwina tikavundula pang'ono katuluka, amayi akaone asanagone."

Chipande chisanakhudze madzi panamveka phokoso, nga! Sanfa anali atamenya chitsulo cha bedi ndi mphete ya pachala chake, nkhope ikadali kukhoma. Shiuna anadzidzimuka, chipande n'kugwa pansi.

"Akuti musavundule," anatero Kaida motsitsa. "Katuluka kokha kukacha. Ngati kalimo."

Anadya mpunga ndi msuzi wa nsomba. Sanfa anadyetsedwa ndi Shiuna masipuni atatu, n'kukana. Nizaru anati mayi aang'ono agone pabalaza pomwe pali matiresi abwino, koma Kaida anayala mphasa pansi m'kachipinda momwemo, pakati pa bedi ndi mphika. Anasintha madzi komaliza, chigubu chimodzi n'kutha.

Kutacha, ataswali, anakhala pamphasa n'kumayang'ana mumphika. Kachigawo ka thambo kaja kanayera, kuwala kunatsika ndi khoma pang'onopang'ono mpaka kunafika pamadzi. Mchenga unali chimodzimodzi ngati dzulo. Kunja njinga zamoto zinayamba kulira. Kaida anayamba kukonza mawu oti akanene pochoka, kuti pepani, ndakuvutitsani ndi mchenga. Anamva bedi likulira, koma sanatukule mutu. Ankadziwa kuti Sanfa watembenuka, ndipo ankaopa kuti akamuyang'ana atembenukanso.

Kenaka m'mbali mwa mphika, kumene kunali kamthunzi, mchenga unatupa pang'ono ngati mpunga ukayamba kuwira. Panatuluka tinyanga tiwiri. Panatuluka diso. Kachinyalala kobiriwira kanadzikoka konse, kanadzikutumula mchenga, n'kuyamba kupendekera uku ndi uku, mutu pansi, kutsanzira funde m'madzi opanda funde.

Mawu anafika pakamwa pa Kaida, koma anawaluma. Anayang'ana dala mbali ina ya mphika, anatsinzina maso ngati akufunafuna, anakanda m'mutu. Anawerenga mumtima mpaka khumi, mpaka makumi awiri. Misozi inayamba kumutsekereza maso moti kansomba sankakaonanso bwino.

"Ndakaona."

Mawuwo anali okhuthala, otuluka mbali imodzi ya pakamwa, koma anali a Sanfa.

"Kuti?" anafunsa Kaida.

"Apo, kumanzere kwako, nkhuku iwe. Kakuvinira pamphuno pomwe. Zaka zonsezi maso sanakulebe?"

"Ndimayesa ndere."

"Ndere ya maso? Sendeza mpandowo kuno."

Kaida anasendeza mpando. Sanfa anadzikweza pachigongono, nayang'ana mumphika nthawi yaitali osaphethira. Kansomba kanagudubuka chammbali, kanayandama ngati kafa, kenaka kanajompha kanthu kena pamchenga. Sanfa anasunsa chala m'madzi, kutali ndi kansomba, n'kuchiika palilime. Anatseka maso.

"A kum'mawa awa," anatero. "A kwathu."

Nizaru ndi Shiuna anali ataima pakhomo, wina atagwira mswachi m'manja. Palibe analowa.

"Unakagwira ndi yani?" anafunsa Sanfa, maso akadali otseka.

"Ndekha."

"Usandinamize. Kamalowa kunsi kwa mlomo wa mwala. Anakugwirira mwala ndani?"

"Palibe, Datha. Ndinaugubuduza."

Sanfa anatsegula maso. "Unaugubuduza. Ndiye pobwezera?"

Kaida anayang'ana pamphasa.

"Koko. Ndikufunsa. Mwala unaubwezera?"

"Madzi anali akubwerera. Mphika unali pamutu, poutula panalibe."

"Mulungu wanga! Mwala wafulati uja? Wausiya chagada kuyambira liti?"

"Lachitatu."

"Lachitatu! Mwana wa mayi anga, nkhalamba ya imvi, kusiya mwala chagada ngati mlendo wa kuhotela! Akazi a pachilumba akauona aziti ndani? Aziti ndi Kaida mng'ono wake wa Sanfa, ndiye kuti Sanfa sanamuphunzitse. Nizaru! Ukumva zimene achita amayi ako aang'onowa?"

"Ndikumva, amayi," anatero Nizaru, akupukuta m'maso ndi dzanja la mswachi.

"Ukuseka chiyani?"

"Sindikuseka, amayi."

Sanfa anagwa chagada papilo, akupuma mofulumira. Anayang'ana kachigawo ka thambo kaja, milomo ikuyenda ngati akuwerenga.

"Mwezi unakhala wathunthu Lamulungu. Lachitatu anali madzi omaliza ophwa kwambiri. Dzulo ndi lero sakuphwa mpaka pamwala umenewo, ukhala womira ndithu, dzuwa siliufika bwino. Nsomba zidyako, koma si zonse. Ukafika mawa upeza zina zamoyo."

"Mwezi mumauona bwanji muno, Datha?"

"Sindiuona. Ndimawerenga. Ukuganiza ndimachita chiyani tsiku lonse pabedi pano, kuluka mphasa? Madzi akamaphwa kwathu ndimadziwa. Mapazi amandiyabwa, ngakhale ili lakufali."

Kaida anagwira phazi lakufalo n'kuyamba kulisisita. Sanfa sanalichotse, kaya chifukwa sakanatha, kaya chifukwa sanafune.

"Ndinalumbira, Datha, ndipo ndinaphwanya. Mafuta aja akanakutayikirani."

"Ndikudziwa zimene unachita."

"Mukanakhala inu mukanatani?"

"Ndikanaimba tsiku loyamba lomwelo, osadikira masiku anayi ngati chitsiru." Sanfa anapotoza pakamwa pake popotoka kale. "Koma zimenezo sizikutanthauza kuti ndakukhululukira. Ndikuganizabe."

"Ganizani, sindikuthamangira."

"Ukuthamangira. Boti la mawa m'mawa ukwere. Kansomba aka mumphika sikakhala masiku atatu, kamadya tinkhanu tamoyo, ndipo madzi ako atsala chigubu chimodzi. Ukakabwezere pomwe unakatenga, ndi mchenga wake womwe. Ndipo mwala ukaugoneke bwino, mlomo uyang'ane kumtunda monga unalili."

"Tiyeni tonse," anatero Kaida mofulumira, asanaganize. "Adanu akunyamulani. Mukakhala pampando m'mphepete, muzikangondilozera."

Sanfa anayang'ana mwana wake pakhomo, anayang'ana mabotolo a mankhwala pawindo, ndi ndodo yachitsulo ya miyendo inayi imene inali pakona. Nizaru anatsegula pakamwa, koma mayi ake anamutsogolera.

"Lachiwiri lililonse amandipinda miyendo kuchipatala. Akuti mwina ndidzaima. Akuti mwina." Anatambasula dzanja n'kukonza mpango wa Kaida umene unali utapendekeka. "Dengu ndi lako lero, ndakaona ndine. Pita wekha. Shiuna, mwana wanga, msuzi wakuda uja anatumiza uyu ulipo, kapena munamaliza ndi mwamuna wako wadyerayu?"

Tsiku limenelo Sanfa anadya mbale yonse, akudandaula kuti msuzi wapsa pang'ono ndipo mchere wachepa. Analongolola mpaka madzulo, kufunsa za aliyense wa pachilumba, amene wamwalira, amene wakwatiwa, ndi ngati mkazi wa m'malire uja akubabe kokonati. Katsamba kanayandama mumphika mpaka dzuwa litapendeka, kenaka kanalowa mumchenga onse awiri akuyang'ana.

Loweruka Adanu anaona mphika ukukweranso boti ndipo anagwira pakamwa.

"Aukana mchenga wathu? Akuti si wabwino?"

"Akuti woyendetsa boti wake ndi wachipere. Sendera ndidutse."

Anafika ku Velirashi dzuwa litapendeka, madzi ataphwa koma osati kwambiri. Kaida sanapite kunyumba. Anatsikira kuthanthwe ndi zovala za paulendo, mphika pamutu, foni ataimbira kale Sanfa, ataikulunga m'kapulasitiki n'kuimangirira paphewa ndi mpango. Pamwala wafulati madzi anali m'ntchafu. Mimba ya mwala inali itatuwa m'mbali, koma pakati mawanga achikasu analipobe.

"Wafika?" anatero mawu a Sanfa paphewa.

"Ndafika. Zilipo zamoyo."

"Yamba mwala, kansomba pambuyo, ungakaphwanye. Mphika uike pansi, umire, palibe kanthu, uli kwawo. Wagwira kumlomo? Usakoke ndi msana, pinda mawondo. Ndati mawondo, Koko!"

"Mukundiona kodi?"

"Ndikumva mmene ukupumira."

Mwala unadzuka, unaima chilili kanthawi, n'kugwa mimba pansi, madzi n'kuchita thovu. Kaida anausuntha mpaka mlomo unayang'ana kumtunda. Kenaka anapendeketsa mphika n'kukhuthula mchenga pang'onopang'ono kunsi kwa mlomowo. Madzi anachita mkaka, ndipo atayera panali tizidutswa ta ndere titatu tikupita ndi funde n'kubwerera nalo. Kaida anatiyang'anitsitsa tonse titatu, koma sanathe kudziwa kuti kansomba ndi kati.

"Kapita?" anafunsa Sanfa.

"Kalipo penapake."

"Ndikanakhalapo ndikanakuuza. Usadule. Itsitse foniyo pafupi ndi madzi."

Kaida anamasula mpango, anagwira foni ndi manja awiri, n'kuwerama mpaka inatsala pang'ono kukhudza funde. Anakhala chowerama choncho, msana ukuwawa, madzi akukwera pang'onopang'ono kufika m'chiuno, ndipo mbali inayo sikunamveke mawu ena koma kupuma kwa munthu amene akumvetsera.